Damu la Mulunguzi: Nkhokwe ya Madzi ya Mzinda wa Zomba

Ambiri mwa ife amene timakhala mumzinda wa Zomba timadzuka m'mawa n'kutsegula mpopi, kapena kunyamula ndowa kupita pa kiyosiki, osaganizirako kumene madziwo achokera. Timayamba kufunsa mafunso pokhapokha mpopi ukauma, madzi akabwera ofiira, kapena bilu ikakwera. Makolo athu adati chitsime chimadziwika kuya kwake chikaphwa. M'nkhani ino tafuna kuti tichidziwe chitsime chathu chisanaphwe.

Chitsime chimene tikunenachi ndi damu la Mulunguzi, lomwe lili pamwamba pa phiri la Zomba. Madzi ochuluka a m'mipopi ya mumzinda muno amachokera kumeneko: a m'makomo a ku Matawale, Chinamwali, Chikanda, Sadzi ndi Mpondabwino, a m'zipatala ndi m'sukulu, a kundende, a kwa asilikali ndiponso a kumsika. Tifotokoza kumene damuli limatenga madzi ake, mmene lidabwerera, mmene khoma lake limagwirira ntchito, zimene zingaliononge, ndi mbali imene ife eni ake tili nayo. Polemba taganizira kwambiri akatekisiti ndi atsogoleri a m'miphakati, pakuti tikudziwa kuti anthu amawafunsa zinthu zambiri, ngakhale zokhudza madzi ndi mitengo.

Phiri limene limasunga mvula

Damu silipanga madzi ayi. Limangosunga amene phiri lalipatsa. Motero nkhani ya damu iyenera kuyambira paphiri.

Nsonga ya phiri la Zomba, yotchedwa Malumbe, ili pa mamita oposa 2,000 kuyeza kuchokera pa nyanja yamchere, pamene mbali yaikulu ya mzinda ili m'tsinde, pa mamita osafika 1,000. Mphepo yonyamula chinyezi ikagunda phirilo imakwera m'mwamba, imazizira, ndipo imagwetsa mvula. N'chifukwa chake pamwamba pa phiri pamagwa mvula yambiri kuposa m'chigwa, pafupifupi mamilimita 2,000 pa chaka. Ngakhale m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi kumeneko kumakhala nkhungu ndi mvula yowaza ya chiperoni.

Amene adakwerako akudziwa kuti pamwamba pa phirili si posongoka. M'potambasuka ngati lichero, m'mphepete mokwera, pakati polowa. Mvula ikagwa m'licheromo imatsikira pakati, kumene kuli madambo, udzu ndi nkhalango. Nthaka ya m'dambo ndi masamba owolerana a pansi pa mitengo zimamwa madziwo, n'kumawatulutsa pang'onopang'ono kudzera mu akasupe. Akasupe amenewa ndiwo amabala mtsinje wa Mulunguzi. Mtsinjewu umadutsa pa mathithi a Williams ndi a Mandala usanalowe m'damu. Ukatulukamo umatsika phiri, umadutsa mumzinda, n'kukathira mu Likangala, amene amakathera m'nyanja ya Chilwa.

Apa pali mfundo imene tiyenera kuigwiritsitsa. Madzi amene timaona akuyenda mu Mulunguzi m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndi mvula ya Januwale ndi Febuluwale imene nthaka idasunga. Nthaka ikakhala yophimbidwa bwino, mtsinje umayenda chaka chonse ndi madzi oyera. Ikakhala pambalambanda, mvula yonse imathamangira kumtsinje tsiku lomwe yagwalo, itanyamula dothi, ndipo chilimwe chikafika akasupe amauma. Tingati phiri ndiye nkhokwe yoyamba, damu ndi nkhokwe yachiwiri.

Tisaiwalenso kuti madzi a phirili si a mumzinda mokha. Alimi a mpunga a m'mbali mwa Likangala ndi asodzi a ku Kachulu amadaliranso mitsinje yochokera kumeneku. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi ndipo ndi yosaya. Idaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yake yaikulu idaumanso. Zimene zimachitika pamwamba pa phiri zimamveka mpaka kunyanja.

Mmene damu lidabwerera

Madzi ndi chimodzi mwa zinthu zimene zidakopa atsamunda kuti akhazikike m'tsinde mwa phirili. Mu 1891 Harry Johnston adasankha Zomba kukhala likulu la boma lake, ndipo nyumba zoyamba za boma zidamangidwa kufupi ndi mtsinje wa Mulunguzi. Mu 1913 phirili lidaikidwa m'gulu la nkhalango zotetezedwa ndi boma. M'kupita kwa zaka a zankhalango adadzalapo mitengo ya mkungudza yochokera ku Mulanje, ndipo pambuyo pake minda ikuluikulu ya paini.

Koma madzi omwewo adaonetsanso ukali wawo. Mu Disembala 1946 kudagwa chimvula choopsa, choposa mamilimita 700 m'masiku awiri okha. Mitsinje idasefukira, nthaka ndi miyala zidagumuka kuchokera m'phiri, milatho idakokoloka, nyumba zidagwa ndipo anthu adafa. Agogo athu amati kudadutsa Napolo. Chaka chimenecho chidaphunzitsa aliyense womanga pa Mulunguzi kuti mtsinje wooneka wofatsa m'chilimwe umatha kusanduka chilombo m'dzinja.

M'zaka za m'ma 1950 pamtsinjewu padali kale damu laling'ono, ndipo madzi a Mulunguzi ankapukusanso makina a siteshoni yaing'ono ya magetsi. Pa nthawiyo Zomba idali tauni ya anthu ochepa, ndipo damu laling'onolo linkakwanira. Koma tauni idakula. Mu 1973 sukulu ya ukachenjede ya Chancellor College idasamukira kuno. Ngakhale likulu la dziko lidapita ku Lilongwe mu 1975, Nyumba ya Malamulo idapitiriza kukumana ku Zomba mpaka 1994, ndipo zipatala, ndende, asilikali a ku Cobbe Barracks ndi maofesi angapo a boma adatsala konkuno. Anthu adachuluka, makomboni adafutukuka, koma nkhokwe ya madzi idali yomwe ija. Chilala cha 1991 mpaka 1992, chomwe chidakantha maiko onse a kummwera kwa Africa, chidaonetsa poyera kuopsa kodalira mtsinje wopanda posungira madzi pokwanira.

Mu 1995 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo latsopano la madzi a m'mipopi. Kuchokera apo dziko lidakhala ndi mabungwe asanu a madzi: la Blantyre, la Lilongwe, ndi atatu a m'zigawo. Bungwe la chigawo cha kummwera, la Southern Region Water Board, lili ndi likulu lake ku Zomba, ndipo ndilo limayang'anira damu la Mulunguzi. Ntchito yomanga damu lalikulu idachitika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, n'kutha pamene tinkalowa m'zaka za m'ma 2000. Damu latsopanoli lidalowa m'malo mwa lakale lija pamtsinje womwewo. Khoma lake n'lalitali mamita oposa 40, ndipo likadzaza limasunga madzi pafupifupi makyubiki mita 3.4 miliyoni.

Tikawerenga zaka, tiona kuti damu limene ambiri timalitchulabe kuti latsopano lapitirira zaka makumi awiri. Ana amene adabadwa likumangidwa lero ali ndi mabanja awo.

Mmene khoma limagwirira madzi

Munthu akaima pamwamba pa khoma, mbali ina madzi ali phee, mbali ina phompho, amadzifunsa kuti chimene chikuletsa madzi onsewa kugwera pamzinda n'chiyani. Yankho lake ndi kulemera.

Madzi ndi olemera kuposa mmene timaganizira. Lita imodzi imalemera kilogalamu imodzi, ndipo amayi amene amasenza ndowa ya malita 20 amadziwa tanthauzo lake. Kyubiki mita imodzi, ndiye kuti bokosi la mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi msinkhu, imalowa malita 1,000 ndipo imalemera tani imodzi. Madzi amakankha khoma, ndipo mphamvu yokankhayo imakula tikamatsika pansi. Pa kuya kwa mamita 10, malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi amakankhidwa ndi mphamvu ya matani 10. Pa mamita 40 mphamvuyo imafika matani 40. Ichi n'chifukwa chake khoma la damu lililonse limakhala lochindikala kwambiri pansi, n'kumachepa likamakwera.

Madamu ambiri akale ankamangidwa monga timamangira maziko a nyumba yaikulu: miyala yosemedwa, yosanjidwa ndi manja, yolumikizidwa ndi laimu kapena simenti. Khoma lotere limaima chifukwa cha kulemera kwake, ndipo likasamalidwa limakhalitsa. Damu lakale la Aswan pamtsinje wa Nile ku Egypt, lomwe lidatha kumangidwa mu 1902, ndi la mtundu umenewu ndipo lilipobe. Koma ukalamba wa khoma lamiyala umayambira m'malo olumikizira. Madzi amalowa m'ming'alu ing'onoing'ono, amasungunula laimu pang'ono ndi pang'ono, ndipo mizu ya mitengo ikapeza mpata imakulitsa ming'aluyo. Madzi olowa pansi pa maziko amakankhira khoma m'mwamba, motero amalichepetsa kulemera kumene limadalira.

Khoma la Mulunguzi la lero ndi la mtundu wina. Ndi mulu waukulu wa miyala yoswedwa, yothiridwa mosanjikiza ndi kutsenderedwa ndi makina olemera. Mulu wa miyala pawokha sungatchinge madzi, choncho madamu otere amakhala ndi chigawo chosalola madzi kudutsa, chimene chimakhala cha konkire kapena cha dongo lotsenderedwa. Miyala imapereka kulemera, chigawocho chimatseka njira ya madzi. Ubwino wa kamangidwe aka ngwakuti miyala imapezeka pafupi, ndipo khoma limatha kukhazikika pang'ono popanda kusweka. Zimenezi n'zofunika kuno kwathu, poti tili m'dera la chigwa chachikulu kumene zivomezi zimachitika.

Mdani wamkulu wa khoma lothira ndi madzi osefukira pamwamba pake. Akangoyamba kudutsa pamwamba amakumba mbali ya kumunsi, ndipo khoma lingathe kugumuka m'maola ochepa. N'chifukwa chake damu limakhala ndi ngalande yaikulu yotayira madzi. Damu likadzaza, madzi otsala amatulukira m'ngalandemo n'kubwerera mumtsinje. Ena akaona madzi akutayika chonchi m'dzinja amadandaula kuti akuonongeka. Sakuonongeka ayi. Ngalandeyo ndiyo imateteza khoma, ndipo madziwo ndi gawo la anzathu a kumunsi. Paja madzi saiwala khwawa, tsono womanga wanzeru amawasiyira njira.

Damu lililonse, kaya lamiyala yosema kaya lothira, limafuna kuyang'aniridwa masiku onse. Akatswiri amayeza madzi odontha kumunsi kwa khoma, amaona ngati ali oyera kapena anyamula dothi, amayeza ngati khoma lasuntha, ndipo amachotsa mitengo yomera pakhomapo. Ntchito imeneyi sioneka ndi maso a anthu ambiri, koma imafuna ndalama ndi anthu ophunzira. Dziko lonse lapansi lidaona zotsatira za kunyalanyaza ntchitoyi mu Seputembala 2023, pamene madamu awiri a kumtunda kwa mzinda wa Derna ku Libya adagumuka ndi chimvula, n'kupha anthu zikwizikwi. Akatswiri adali atachenjeza kale kuti madamuwo akufunika kukonzedwa. Sitikunena izi pofuna kuopseza wina aliyense. Tikungokumbutsana kuti mzinda umene uli kumunsi kwa damu uli ndi chifukwa chokwanira chofunira kuti damulo lizisamalidwa. Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 adatikumbutsa kuti mvula ya mtundu wa 1946 sidathe.

Kuchokera padamu kufika pampopi

Zomba ili ndi mwayi umene mizinda ina ilibe. Popeza damu lili pamwamba, madzi amatsika okha m'mapaipi. Taonani kusiyana kwake ndi Blantyre, kumene madzi ochuluka amachokera mumtsinje wa Shire pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo amayenera kupopedwa kukwera mamita pafupifupi 800. Kupopa kumeneko kumadya magetsi a ndalama zambiri, ndipo magetsi akazima madzinso amavuta. Kwathu kuno phiri limagwira mbali yaikulu ya ntchito imeneyo kwaulere.

Komabe madzi a m'damu, ngakhale aoneke oyera, si oyenera kumwa asanatsukidwe. Amayamba apita kumalo oyeretsera madzi. Kumeneko amathiridwa mankhwala amene amachititsa kuti tizidutswa ta dothi tigwirane n'kukhala timibulu tolemera. Kenaka madzi amaima m'maiwe kuti timibuluto tikhale pansi. Akachoka apo amasefedwa podutsa mumchenga, ndipo pomaliza amathiridwa klorini wopha tizilombo toyambitsa matenda. Akatero amapita m'matanki aakulu amene ali m'malo okwera, ndipo kuchokera m'matankimo amagawidwa m'mapaipi opita m'makomo ndi m'makiyosiki.

Apa m'pamene pali yankho la funso limene limamveka kawirikawiri m'misonkhano yathu: ngati mvula imagwa yaulere, timalipiriranji madzi? Chimene timalipira si mvula. Timalipira mankhwala, mapaipi, matanki, malipiro a antchito, kukonza zoonongeka ndi kubweza ngongole zomangira. Ndipo madzi akamabwera ndi matope ambiri kuchokera kuphiri, mankhwala ofunika amachuluka, zosefera zimatsekeka msanga, ndipo mtengo wa ntchito yonse umakwera. Dothi lokokoloka ku Chawe limatipeza m'thumba.

Izi sizikutanthauza kuti tisamafunse za mitengo ya madzi. Mu 2010 bungwe la United Nations lidavomereza kuti madzi abwino ndi ukhondo ndi ufulu wa munthu aliyense. Banja losauka likalephera kugula madzi a pampopi limabwerera kumtsinje kapena pachitsime chosatetezedwa, ndipo zotsatira zake tidaziona. Mliri wa kolera umene udayamba mu Malichi 2022 m'boma la Machinga, loyandikana nafe, udafalikira m'dziko lonse ndipo udapha anthu oposa 1,700. Madzi otsukidwa bwino amene anthu sangakwanitse kugula sateteza munthu.

Kodi nkhokweyi ndi yaikulu motani?

Makyubiki mita 3.4 miliyoni ndi malita 3.4 biliyoni, kapena kuti ndowa za malita 20 zokwana 170 miliyoni. Chiwerengerochi chimamveka ngati chosatha. Koma tiyeni tiwerengere limodzi.

Kalembera wa 2018 adapeza anthu 105,013 mumzinda wa Zomba. Tiyerekeze kuti pa munthu aliyense pamapita malita 100 pa tsiku, tikaphatikiza a pakhomo, a m'zipatala, a m'sukulu zogonera, a m'maofesi ndi amene amatayika m'mapaipi obooka. Ndiye kuti mzinda ungamwe malita 10.5 miliyoni pa tsiku. Pa mlingo umenewo damu lodzaza, lopanda madzi ena olowamo, lingathe m'miyezi pafupifupi 10 ndi theka. Ichi n'chiyerekezo chabe chotithandiza kuona kukula kwa nkhaniyi, koma phunziro lake n'lomveka. Damu lathu ndi nkhokwe ya chaka chimodzi. Lingatiolotse chilimwe, lingatithandize m'chaka cha mvula yochepa, koma limadalira kuti mtsinje uzilowamo mosalekeza. Tikumbukirenso kuti chiwerengero cha anthu chakwera kuchokera mu 2018, pamene khoma lili chimodzimodzi, ndipo zaka za ng'amba monga 2015 mpaka 2016 ndi 2023 mpaka 2024 zikubwera pafupipafupi.

Zimene zimapha damu mwakachetechete

Madamu ambiri safa ndi kugumuka. Amafa ndi matope. Mtsinje ukalowa m'damu umachepetsa liwiro, ndipo dothi lonse limene wanyamula limakhala pansi. Ndowa iliyonse ya dothi yolowa m'damu imalanda malo a ndowa imodzi ya madzi, ndipo dothilo silituluka lokha. Pamwamba damu limaoneka lodzaza monga kale, koma pansi likukwiririka. Kuchotsa matope m'damu lalikulu ndi ntchito yodula kwambiri.

Zitsanzo sitikazifuna kutali. Damu la Mudi ku Blantyre lidakwiririka kwambiri mitengo itatha m'phiri la Ndirande ndipo anthu atayamba kulima m'mbali mwake. Damu la Mpira ku Ntcheu, limene anthu a m'maboma a Ntcheu ndi Balaka ankadalira, lidauma mu 2018, ndipo mipopi ya m'midzi yambiri idakhala gwaa. Ku Lilongwe zinthu zidafika poti mu 2015 asilikali adatumizidwa kukalondera nkhalango ya Dzalanyama, kumene kumachokera mtsinje umene umamwetsa likulu la dziko. M'malo onsewa vuto silidayambire pakhoma. Lidayambira kumtunda, kumene mitengo idadulidwa.

Paphiri la Zomba zoopseza zazikulu ndi zitatu. Choyamba ndi moto. M'miyezi ya Ogasiti mpaka Novembala timaona utsi masana ndi mizere ya moto usiku. Moto umapha mitengo ing'onoing'ono imene yangodzalidwa, umatentha masamba ophimba nthaka, ndipo mvula yoyamba ikagwa imapeza dothi lopanda chotchinga. Chachiwiri ndi kudula mitengo mopanda chilolezo, kaya ya matabwa, ya nkhuni kapena ya makala. Chachitatu ndi kukolola minda ya paini popanda kudzalanso msanga. Paini adadzalidwa kuti adzadulidwe, ndipo kumudula pa nthawi yake si kulakwa. Vuto limabwera pamene malo otsetsereka akhala zaka ali pambalambanda. Tiyeneranso kudziwa kuti paini ndi bulugamu zimamwa madzi ambiri. M'mphepete mwa mitsinje ndi m'madambo moyenera kukhala udzu ndi mitengo yachilengedwe, monga mbawa, mkuyu ndi katope.

Pa nkhani imeneyi tiyenera kulankhula mwachilungamo. N'kosavuta kuloza chala mayi amene akutsika phiri m'mawa atasenza mtolo wa nkhuni wolemera kuposa iye mwini, kapena mnyamata amene akukankha njinga ya matumba a makala. Ambiri a iwo sachita izi chifukwa chodana ndi phiri, koma chifukwa kunyumba kulibe ufa. Ndipo makalawo amapita kuti? Amabwera m'makhitchini mwathu, ife a m'tauni amene tili ndi mipopi. Lamulo la zankhalango la 1997, lomwe lidakhwimitsidwa mu 2020, limaletsa kuotcha makala popanda chilolezo. Koma lamulo palokha silingapambane pamene ogula ali ambiri ndipo ootcha alibe njira ina yopezera chakudya. Tiganizirenso kuti midzi ina ya m'mbali mwa phiri, imene timaipempha kuti iteteze nkhalango, ilibe mipopi ya madzi a m'damuli. Munthu amasamala chinthu chimene akuona phindu lake. Anyamata ogulitsa zipatso m'mbali mwa msewu wa ku Chawe, operekeza alendo kukaona Chingwe's Hole ndi Emperor's View, ndiponso alimi a njuchi amapeza ndalama phiri likakhala lobiriwira. Ntchito zotere zikachuluka, phiri lidzakhala ndi alonda ambiri.

Mbali yathu

Kuyang'anira khoma ndi ntchito ya akatswiri, ndipo kulondera nkhalango ndi ntchito ya boma. Koma mutu umodzi susenza denga. Pali zinthu zimene zili m'manja mwathu.

Tiyambire pakhomo. Mpopi wodontha usiku ndi usana umataya ndowa zambiri pa mwezi, pamene kukonza kwake nthawi zambiri n'kungosintha kamphira kotsika mtengo. Tikaona paipi yaphulika mumsewu tidziwitse a bungwe la madzi tsiku lomwelo, tisaganize kuti wina wanena kale. Kulumikiza madzi mwakuba, kuba zitsulo za pamapaipi ndi kuswa mamita kumapweteka anansi athu, chifukwa mtengo wake umagwera amene amalipira mokhulupirika. Madzi otsukira mbale ndi ochapira angathe kuthirira ndiwo zamasamba, ndipo amene ali ndi denga lamalata angathe kukolola madzi a mvula.

Chachiwiri ndi moto wa kukhitchini. Mbaula zosunga moto, monga chitetezo mbaula, zimadya nkhuni zochepa kuposa mafuwa atatu. Amene angathe kuphikira gasi kapena magetsi achite motero. Maparishi, sukulu ndi nyumba zogonera zimene zimaphikira anthu ambiri zili ndi udindo waukulu pamenepa, pakuti zimagula nkhuni zochuluka. Malo otere ayenera kukhala ndi minda yawoyawo ya mitengo.

Chachitatu ndi mitengo yomwe. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo. Timadziwa kudzala ndi kujambulitsa zithunzi, koma mtengo umafuna kupaliridwa, kutetezedwa ku mbuzi ndi kulambuliridwa moto kwa zaka zingapo. Mphakati umene wadzala mitengo 100 n'kuisamala yonse waposa gulu limene ladzala 1,000 n'kuiiwala. Tisanadzale m'dera la nkhalango ya boma tiyambe takambirana ndi a zankhalango ndi mafumu, kuti atiuze malo ndi mtundu woyenera. Ndipo chilimwe chikafika tilankhule ndi ana athu za kuopsa kotentha tchire posaka mbewa.

Chachinayi ndi kufunsa. Monga nzika tili ndi ufulu wofunsa makhansala, aphungu ndi a bungwe la madzi kuti damu lidayezedwa liti kuya kwake, kuti malo odulidwa mitengo adzadzalidwa liti, kuti pali dongosolo lotani lochenjezera anthu a m'mbali mwa Mulunguzi madzi akachuluka, ndiponso kuti madera opanda mipopi adzafikiridwa liti. Kufunsa mwaulemu ndi mosatopa ndi njira imodzi yothandizira amene ali pa udindo. Tsiku lokumbukira madzi pa dziko lonse, pa 22 Malichi, lingakhale nthawi yabwino yokambirana zimenezi m'magulu athu.

Pomaliza, tikupempha aphunzitsi, akatekisiti ndi otsogolera achinyamata kuti tsiku lina adzatenge ana n'kukwera nawo kuphiri. Akaime pamalo ololedwa n'kuona damulo ndi maso awo, akaone pamene mtsinje ukulowera, akaonenso mapiri ozungulira, pamene pali mitengo ndi pamene yatha. Ana ambiri a mumzinda muno akula akumwa madzi a Mulunguzi osadziwa kumene ali. Amene adamanga damu laling'ono la kale ankaganizira tauni ya nthawi yawo, ndipo amene adamanga lalikululi ankaganizira ife. Ana amene tidzakwere nawowo ndiwo adzalandire damuli kuchokera m'manja mwathu, kaya lili ndi madzi kaya lili ndi matope.